Kanema nayenso amayanikidwa ngati usipa

Ife ogulitsa usipa timadziwa kuti nsomba yaiwisi siyenda ulendo wautali. Kuti usipa wa kuno ku Nkhata Bay ukadyedwe ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, uyambe wagona pa thandala, dzuwa liuchotse madzi. Umapepuka, kukoma kwina kumachoka, koma umafika. Sabata ino, anzanga a m'gulu lino, ndikufuna ndikuuzeni kuti kanema nayenso amayanikidwa chimodzimodzi.

Achimwene anga ali ku Johannesburg zaka 9 tsopano. Chaka chatha anamanga ukwati komweko, koma amayi sanapite: pasipoti alibe, miyendo nayo ikuwavuta. Wina wobwera pa basi anatibweretsera flash ya kanema wa ukwatiwo, wa maola awiri, wolemera 4GB. Ndiye amayi akaonere pati? Kumudzi ku Usisya m'nyumba mwathu mulibe TV, ndipo kafoni kawo ka mabatani kamangolemba kuti fayiloyo sikakuidziwa.

M'nyumba mwanga munali PSP, kachipangizo ka magemu kogwira m'manja, komwe achimwene omwewo anatumizira mwana wanga. Kampani ya Sony inakatulutsa mu 2004 ku Japan, n'kusiya kukatumiza m'masitolo mu 2014, koma kuno kakugwirabe ntchito bwinobwino. Ine ndinkakaona ngati mdani wa homuweki basi. Mnyamata wa pa burning centre, amene amatiikira nyimbo m'mafoni pafupi ndi msika, ndi amene anandiuza kuti, "Asisi, aka kamaonetsanso filimu. Koma tiyambe taichepetsa."

Ndinakhala pa benchi n'kumaonerera. Anatsegula pulogalamu yotchedwa Format Factory, yaulere, n'kusankha MP4 ya PSP. Anandifotokozera kuti chithunzi chilichonse ndi timadontho. Kamera ya pa ukwati inajambula timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, pomwe sikirini ya PSP imangotha 480 ndi 272. Pulogalamuyo imalembanso chithunzi chilichonse ndi timadontho tochepa, n'kutaya tinthu tomwe diso silizindikira msanga. Kompyuta inalira pafupifupi ola lathunthu, ife tikupemphera kuti magetsi asazime. Itamaliza, 4GB ija inatsala 400MB. Anaiika mu foda yolembedwa VIDEO pa memori khadi, kanema n'kuyamba kusewera m'manja mwanga. Ndinangoti eeh!

Mwana wanga anakwera Ilala, sitima yathu yomwe yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951, kachipangizoko katakulungidwa mu jumbo kuopa madzi. Akuti usiku umenewo khonde la agogo ake linadzaza. Amayi anaona mpongozi wawo akuyenda ndi kuseka, munthu amene ankangomumva mawu pa foni. Batire likatha ankatchaja pa sola ya aneba, n'kuyambiranso.

Koma mwana atabwerera anabwera ndi funso. Agogo akuti pa gulu lovina kumbuyo pali munthu wa shati yoyera, kaimidwe kake ngati ka mwana wa mchemwali wawo, mtchona amene anapita ku Joni kalekale osamvekanso. Achimwene titawafunsa anati anthu anali ambiri, ena osaitanidwa n'komwe, sangakumbukire. Pa PSP nkhope ya munthuyo inali chimbuuzi chokhachokha. Timadontho tomwe tinatayidwa tija ndi tomwe tinali ndi maso ndi mphuno yake.

Mwayi wake flash ija ndinali nditaisunga m'kachitini ka ndalama. Mnyamata uja anatsegula fayilo yoyambirira, n'kuimitsa pamalo pomwepo, n'kukulitsa. Chipsera cha pa chipumi, chomwe anavulala ali mwana atagwa m'bwato, chinaoneka poyera. Ndi iyeyo, ali moyo, wanenepa. Tinatsukitsa chithunzicho, ndipo pano chili kwa amayi ake. Achimwene akumufufuza kudzera mwa anzawo a kumudzi amene ali kumeneko.

Usipa wouma ungauviike m'madzi tsiku lonse, subwereranso kukhala wauwisi. Mnyamatayo anandiuza kuti kanema ndi chimodzimodzi: wochepetsedwa ukhoza kumusinthanso kukhala fayilo yaikulu, koma zomwe zinatayidwa sizibwerera.

Tsono inu amene muli ndi makanema a ukwati, a maliro, a malipenga kapena chilimika cha kwanu, achepetseni ndithu kuti afike kwa agogo amene alibe foni yapamwamba. Anyamata ogwira ntchitoyi alipo pafupifupi pa msika uliwonse, ndipo muziwalipira mosanyinyirika. Koma musalole kuti afufute fayilo yoyambirira pofuna malo oika nyimbo zatsopano. Isungeni pawiri, pa flash ndi pa kompyuta ya m'bale. Simudziwa amene waima kumbuyo kwa ovina.