Scala, Nyumba Yakale ya Kanema

Kutali ndi mapiri a Angónia kuli mzinda wa Maputo. Munthu wocokera ku Ulónguè amayenda makilomita oposa 1500 kuti akafike kumeneko. Mumzindamo muli nyumba yakale ya kanema. Dzina lake ndi Scala.

Scala inatsegulidwa m'caka ca 1931. Nthawi imeneyo mzindawo unkachedwa Lourenço Marques. Nyumbayi ili ku Baixa, kumunsi kwa mzinda. Pafupi pali doko la zombo ndi siteshoni ya njanji. Panalinso malo odyera ndi malo ovinira. Madzulo magetsi ankayaka, ndipo anthu ankabwera atavala bwino.

M'kati mwa Scala muli mipando yambiri. Kutsogolo kuli cinsalu coyera, cacikulu kuposa khoma la kalasi. Kumbuyo kunali makina okhala ndi nyali yowala kwambiri.

Kodi kanema ankayenda bwanji? Mwana akaika dzanja patsogolo pa nyali, cithunzithunzi ca dzanja cimaoneka pakhoma. Makina a kanema ankacitanso cimodzimodzi. Filimu inali ngati lamba wautali wa tizithunzi. Kuwala kunkadutsa pa tizithunzito ndi kukagwa pacinsalu. Pa sekondi imodzi pankadutsa tizithunzi 24. Conco maso ankaona ngati anthu akuyenda.

Koma si onse amene ankakhala pamipando ija. Dziko linali m'manja mwa atsamunda Acipwitikizi. Anthu akuda ambiri sankaloledwa kulowa m'nyumba za kanema za ku Baixa. Iwo ankasesa misewu ndi kunyamula katundu kudoko. Akamadutsa ankangoona zithunzi za pakhomo. M'zaka za m'ma 1960 kunamangidwa nyumba ina ya kanema, ya Império. Imeneyi inali kufupi ndi kumene anthu akuda ankakhala.

Pa 25 Juni 1975 dziko la Mozambiki linalandira ufulu. Zitseko zinatsegukira aliyense. Msewu umene Scala ilipo unapatsidwa dzina latsopano, Avenida 25 de Setembro. Mwana wa wonyamula katundu anagula tikiti, nakhala pampando umene wafuna.

Boma linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema, nyumba yopanga mafilimu. M'caka ca 1978 anayamba kuonetsa filimu ya nkhani yochedwa Kuxa Kanema. Dzinali limanena za kubadwa kwa kanema. Likufanana ndi mawu a Cinyanja akuti "kuca". Filimuyi inali yaifupi, ya mphindi ngati 10. Zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera.

Mu Kuxa Kanema munali alimi ndi makasu awo. Munali ana a sukulu ndi anamwino. Munali Pulezidenti Samora Machel akulankhula ndi anthu. Oonerera anayamba kuona nkhope zofanana ndi zawo. Mayi wobereka mwana kumbuyo anaona mayi mnzake pacinsalu. Zimenezi zinali zacilendo ndi zosangalatsa.

Kumidzi kunalibe nyumba ngati Scala. Conco magalimoto ankanyamula makina ndi cinsalu kupita kwa anthu. Cinsalu cinkaimikidwa pabwalo. Mdima ukagwa, makina ankalira. Ana ankakhala pansi kutsogolo, akulu kumbuyo.

Kenaka nkhondo inakula. Misewu inakhala yoopsa, ndipo magalimoto a kanema analeka kuyenda. Mabanja ambiri a ku Angónia anasiya minda ya cimanga ndi mbatata, nathawira ku Malawi. M'caka ca 1991 moto unatentha nyumba yopanga mafilimu ija ku Maputo. Zinthu zambiri zinapsa, koma mafilimu ena anapulumuka. Mtendere unabwera pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu anayamba kubwerera kwawo.

Pambuyo pake kunabwera vidiyo, kenaka mafoni. Anthu anayamba kuonera mafilimu kunyumba ndi m'tinyumba ta pamsika. Nyumba zambiri za kanema zinatsekedwa. Zina zinasanduka nyumba zopemphereramo.

Scala sinagwe. Ikadali ciimire ku Baixa, ndipo dzina lake likuonekabe pamwamba pa khomo. M'caka ca 2031 idzakwanitsa zaka 100. Makoma ake anaona masiku amene munthu ankabwezedwa pakhomo cifukwa ca khungu lake. Anaonanso tsiku limene khomo lomwelo linalandira aliyense.

Khoma silitha kulankhula. Olankhula ndi anthu amene anaona zimenezi ndi maso awo, ndipo ambiri a iwo akukalamba. Mwana amene ali ndi agogo awafunse madzulo ano: "Agogo, kodi kanema woyamba munamuonera kuti? Munali ndi yani? Munaona ciyani pacinsalu?" Akamva yankho, alisunge bwino, mawa akauze anzake kusukulu.