Mswachi wa Muula ndi Fungo la M'chipinda cha Mano

Ife amene tinakulira m'mapiri a pakati pa Kongwe ndi Ntchisi m'zaka za m'ma 1950 sitinkagula mswachi. Tinkauthyola popita kumadzi. Mtengo wake unali muula, womwe uja wobereka maula amene tinkatola pansi m'chilimwe. Unkasankha kanthambi kanthete kosaposa chala, kusenda khungwa kunsonga, n'kutafuna mpaka nsongayo itasanduka tiulusi. Ndiye kumakwecha mano njira yonse, mtsuko uli pamutu, kwinaku tikucheza. Pofika kudambo m'kamwa munali mutayera, usinini ukumveka kulimba. Atsikana ofuna kuwala pa chinamwali ankawonjezera makala osinja ndi kamchere.

Sindikunena kuti mano sankawawa. Ankawawa ndithu, ndipo munthu wamkulu ankalira usiku wonse atagwira tsaya. Aliyense anali ndi mankhwala ake. Agogo aamuna ankafinyira chingambwe m'dzino lobooka, pajatu kwathu n'kwa fodya. Ena ankawiritsa mizu ya papaya n'kumachukucha madzi ake. Amayi ankakhulupirira masamba onunkhira: mpungabwi, umene tinkapirikitsira udzudzu, ankaufikisa m'manja n'kuuika pausinini, ndipo bulugama wa kumishoni ankamuwiritsa kuti wodwala afunde nsalu n'kuyasamira nthunzi yake.

Panalinso asing'anga otulutsa mphutsi. Ankaika njere za nthula pa phale lamoto, wodwala n'kuweramirapo atayasama, pambali pali mbale ya madzi. Pakapita kanthawi ankakuonetsa timphutsi toyera tikuyandama, amvekere: si izi zimakudyani dzino! Anthu tinkagwira pakamwa. Timphutsi timeneto tinali tam'kati mwa njere zomwe zaphulika ndi moto. Komabe ambiri ankabwerera kwawo akuti apeza bwino, ndipo nkhuku inali itapita.

Mankhwala amene anandidabwitsa ndili mtsikana anachokera m'sitolo ya mmwenye ku Mponela, amwenye asanachotsedwe m'misika ya kumidzi m'zaka za m'ma 1970. Bambo anga aang'ono anabwera ndi kabotolo kakang'ono ka mafuta a clove, zonunkhiritsa zakudya zolimidwa ku Zanzibar ndi Pemba. Anaviika kathonje, kadontho kamodzi kokha, n'kukakankhira m'dzino la azakhali ndi kamtengo ka machesi. Azakhali anadumpha poyamba chifukwa mafutawo amawotcha. Kenaka tsaya lonse linachita dzanzi, iwo n'kugona tulo tofa nato. Kabotoloko kanayenda mudzi wonse mpaka kutha.

Patapita zaka zambiri, nditakwatiwa, ndinapita kuchipatala kukamatitsa dzino. Nditangolowa m'chipindamo ndinamva fungo lomwe lija la kabotolo ka bambo aang'ono. Mu clove muli chinthu chotchedwa eugenol, chimene chimaziziritsa ululu komanso chimapha tizilombo. Madokotala a mano akhala akuchisakaniza ndi ufa woyera wa zinc oxide popanga phala lomatira dzino mongoyembekezera, kuyambira kalekale ife tisanabadwe. Ngakhale Listerine, mankhwala ochukuchira aja amene anapangidwa ku America mu 1879, mphamvu yake ili m'zinthu zinayi zonunkhira zimene zimapezeka m'zomera, ndipo chimodzi mwa izo, eucalyptol, ndi chomwe chimanunkhira mu bulugama. Choncho amayi ndi mphika wawo wa masamba sanasochere kwenikweni. Kusiyana kwake n'kwakuti mafuta a zomera oterewa amachita kutcheza monga atchezera kachasu: nthunzi imadutsa m'masamba, n'kukazizira mumpope, mafuta n'kulekana ndi madzi. Mulu wa masamba umatulutsa timadontho towerengeka, n'chifukwa chake ndi aukali. Akakhala osasungunula amasupula usinini, ndipo mwana akamwa akhoza kufa nawo.

Nthawi imene m'kamwa mwa anthu munatiphunzitsa zambiri inali ya Edzi. Matendawa anapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, koma kwathu anatifika penipeni m'ma 1990. Ndinali mmodzi wa amayi a mumpingo oyendera odwala m'makomo. Usanafunse n'komwe, unkadziwira pa lilime: loyera mbuu, zoyerazo zitamatirira mpaka kummero. Wodwala ankalephera kumeza ngakhale phala lamadzimadzi, ndipo ambiri anafooka ndi njala chakudya chili pambali. Kamene kamachititsa zimenezi ndi kafangasi kotchedwa Candida, kamene kamakhala m'kamwa mwa anthu ambiri osavuta, koma kamalusa chitetezo cha m'thupi chikatsika.

Kuchipatala ankatipatsa jivi, mankhwala apepo aja. Ankathandiza, koma ankaulula. Munthu wa milomo yapepo sankafuna kutuluka panja, poti mudzi wonse ukanadziwa chimene chikumudya. Ndikukumbukira mnyamata wina amene ankabisa kabotolo kake kudenga, n'kumandiuza kuti, "Amayi, ndapaka kale," lilime lili mbee. Kwa otere tinkawiritsa lemoni girasi, amene ambiri tinkadzala kuseri kwa nyumba kuti tizimwera tiyi, n'kumawachukuchitsa, kapena kuwafinyira ndimu m'madzi. Sitinkadziwa ngati tikuchiza kapena tikungotonthoza. Pambuyo pake anamwino a ku South Africa anayesa zomwezi pa odwala a ku Moretele Hospice, poyerekeza lemoni girasi, madzi a ndimu ndi jivi, ndipo mu 2009 anafalitsa zoti udzuwo ndi ndimu zinathandiza. Odwala amene anayesedwa anali ochepa. Chimene chinachotsadi malilime oyera m'midzi mwathu ndi ma ARV aulere amene anayamba mu 2004.

Masiku ano ndimamva achinyamata akutamanda mankhwala a makolo, ati akale mano awo anali olimba chifukwa cha zitsamba. Ine ndinalipo, ndipo ndikuti theka lake n'loona. Chachikulu n'chakuti shuga tinkamuona pa Khirisimasi. Zotsekemera zathu zinali misale, masuku ndi uchi wa apo ndi apo. Mafakitale a shuga atatsegulidwa ku Nchalo m'ma 1960 ndi ku Dwangwa chakumapeto kwa ma 1970, tiyi wa masipuni atatu analowa m'nyumba iliyonse, kenaka masiwiti ndi mafilizesi pageti pa sukulu. Mabakiteriya a pamano amadya shugayo n'kutulutsa asidi amene amakumba dzino. Mafuta a zomera amawapha mosavuta m'mbale ya ku labotale, koma m'kamwa amabisala m'litsiro lomata pamano, limene limachoka pokhapokha ukalikwecha. Ntchito imeneyo ndi imene muula unkagwira tsiku ndi tsiku.

Ndipo dzino likabooka labooka. Azakhali aja anagona bwino sabata imodzi, koma mwezi usanathe tsaya linatupa mpaka diso kutsekeka, ndipo anawanyamula pa ngolo kukazulitsa. Kafukufuku wa dziko lonse amene anafalitsidwa mu 2016 anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi a zaka 35 kupita m'tsogolo ali ndi mano obooka, pamene amene anamatidwapo ndi ochepa kwambiri. Kwathu kupita kwa dokotala wa mano kumatanthauzabe kukazulitsa, chifukwa timafika mochedwa, titayamba tazungulira ndi thonje, fodya ndi panado. Madokotala a mano enieni dziko lino linayamba kuphunzitsa lokha mu 2019, ku sukulu imene panthawiyo inkatchedwa College of Medicine ku Blantyre mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow. Mdzukulu wanga wa ku Madisi akuti akufuna kukalowa kumeneko akakhoza Fomu 4, ndipo ndamuuza kuti akamaliza adzayambire kuno, ndisanatsale ndi usinini wokhawokha.