Misomali m'Citini

Anzanga acinyamata, kodi munakwerapo galimoto yakale ya petulo imene ikafika pa citunda imalira ngati munthu akugwedeza misomali m'citini? Mukamva kulira kotero musanene kuti ndi ukalamba cabe. Ine ndinanena tero mu Okutobala 1996, ndipo ndalama zanga za sukulu zinatsala pang'ono kuthera m'njira.

Panthawiyo ndinali kuthandiza amalume anga amene anali ndi vaneti yonyamula nsomba zouma kucokera ku Luangwa Boma kupita ku Lusaka. Phindu la ulendo umenewo ndilo linali loti lindilipirire Giredi 12. Vanetiyo inali itangocokera kwa makanika wa ku Lusaka, ndipo kumeneko inali kuthamanga ngati yatsopano. Koma titapakira matumba ndi kunyamuka masana, pa citunda coyamba tinamva kuti ngwere ngwere ngwere. Amalume akacotsa phazi, phokoso leka. Akapondanso, ilo layamba.

"Amalume, ndi yokalamba iyi, tiyeni cabe," ndinatero ine.

"Mphwanga, tseka pakamwa," iwo anayankha, natembenuza galimoto. Mumtima anali atamuweruza kale mnyamata amene anatigulitsa petulo wa m'zigubu, poti ena anali kuthirako palafini.

Pa Boma panali mdala wina amene anagwirapo nchito ya umakanika ku migodi. Iye sanafulumire kugwira sipanala. Anayamba wamvetsera injini galimoto itaima. Matapeti akamasuka, anatero, amalira nthawi zonse ngakhale galimoto isakuyenda. Phokoso lobwera pokhapo injini ikalemedwa, makamaka pa giya yaikulu, ndi nkhani ya moto wa mkati.

Mvetsani apa, pakuti ndipo pagona nkhani. Pulagi ikayatsa petulo ndi mpweya mu silinda, moto uyenera kuyenda mwadongosolo monga lupsa m'dambo. Koma moto ukabwera msanga, kapena injini ikatentha kwambiri, petulo wotsala amaphulika yekha ndi kumenya pisitoni ngati nyundo. Mukaumirira kuyenda, maring'i amathyoka ndipo pisitoni ikhoza kubooka. Pamenepo ndiye kuti injini yonse itsike.

Mdalayo ananunkhiza petulo nati alibe mlandu. Anakoka fanibeluti, anayang'ana madzi, nandituma kuti ndicotse udzu ndi tizilombo zimene zinatseka maso a ladiyeta. Anaona ngati pali mpweya wolowa mozemba pansi pa kabuleta, cifukwa petulo akacepa mpweya nkuculuka, injini imatentha. Mapulagi anatuluka otuwa mbuu, koma ena onse anali bwino. Ndipo anafunsa funso limodzi.

"Kodi taimingi anakucunirani kuti, bambo?"

"Ku Lusaka."

Anaseka. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280. Kuno kumene Luangwa amathira mu Zambezi, moyang'anana ndi Zumbo, ndi mamita 329 cabe, malo otsika kuposa onse m'Zambia. Kumunsi mpweya ndi wothithikana, motero silinda imadzaza kwambiri. Onjezanipo kutentha kwa Okutobala kopitirira madigiri 40, ndi matumba a nsomba kumbuyo. Taimingi imene anaikankhira patsogolo kuti galimoto idzuke msanga ku Lusaka, kuno inali yopitirira. Makanika uja sanabe ndalama ai. Anaiwala cabe kufunsa kumene galimoto imadyera.

Kukonza kwake kunandicititsa manyazi, poti sikunathe ndi mphindi 20. Anakanda cizindikiro ndi msomali patsinde pa distributor kuti adziwe pobwerera, anamasula bauti imodzi, naipotoza pang'ono kwambiri kutsata kumene rotor imazungulira. Kumeneko ndiko kucedwetsa moto. Tinakayesa pa citunda cija, phokoso linacepa. Anapotozanso kamodzi, lidatha. Anaticenjeza kuti tisapitirire, cifukwa moto ukacedwa kwambiri injini imafooka ndi kutenthanso. Amalume nawo anadzudzulidwa pa cizolowezi cao cokwera mapiri pa giya yaikulu poganiza kuti akusunga petulo. (Ine ndinayang'ana kumbali kuti asaone mano anga.)

Ngati kwanu kudakali galimoto ya kabuleta, tsatani ndondomeko ya mdala uja: madzi ndi petulo coyamba, mapulagi, ndipo taimingi pambuyo. Zonsezi zikakhala bwino koma phokoso lilipobe, mwina mwaye waunjikana pamutu pa mapisitoni, ndipo apo mpofunika kutsegula hedi.

Tinanyamuka m'mamawa kukali kozizira. Tinapitirira Katondwe, tinafika pa Luangwa Bridge, tinakwera mapiri a ku Rufunsa pa giya yaciwiri ndi yacitatu, ine khutu lili tcheru njira yonse. Nsomba zinagulidwa ku Soweto Market tsiku lotsatira. M'tauni amalume anadandaula kuti vaneti ikudzuka mwaulesi, koma bauti ija sanaikhudze. Asanabwerere anakapepesa kwa mnyamata wa zigubu mumtima cabe, poti pakamwa anali asanamunene.