Ukabwera ndi Sikelo ku Zemba

Zemba, Chadiza
Epulo 2025

Mwana wa mlongo wanga,

Tonse tili bwino, kupatula mawondo angawa amene ayamba kukana njinga. Amayi ako andiuza kuti wapeza ntchito kwa wamalonda wina wa ku Chipata, ndipo kuti mwezi wa Meyi akutuma kuno ndi sikelo, matumba ndi ndalama kuti udzagule soya, nshawa ndi chimanga. Ndakondwa. Ntchito ikusowa masiku ano, ndipo kugula mbewu si tchimo. Koma ndine mtsibweni wako, mlandu wako ukafika pabwalo woyamba kuitanidwa ndine, choncho ndilole ndilankhule madzi asanafike m'khosi.

Ukudziwa chifukwa chake abwana ako akufuna ufike m'Meyi. A FRA, bungwe la boma logula mbewu, satsegula misika yawo mpaka chimanga chitauma kufika pa chinyezi cha 12.5 peresenti. Kuyambira pokolola mpaka tsiku limenelo mlimi amakhala ndi mbewu pakhomo koma m'thumba mulibe ngakhale ngwee. Mwana akufuna yunifomu, sopo watha, mchere watha, wa kaloba wayamba kuzungulira nyumba. Chaka chino zafika pena, chifukwa tikuchokera m'chilala cha 2024, chija a Pulezidenti Hakainde Hichilema adachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Ambiri adagulitsa mbuzi ndi nkhumba kuti agule ufa, ndipo ngongole za nthawi imeneyo sadamalize kubweza. Munthu wotere sakangana nawe pa mtengo. Chimene wanena amalandira. Mphamvu yonse idzakhala m'manja mwako, ndipo m'pamene chikhristu chako chidzaoneke ngati chilipo.

Machenjera a ogula mbewu timawadziwa, ngakhale timakhala chete. Wina amamasula kasikuluwu ka sikelo kuti thumba la makilogalamu 50 lizisonyeza 46. Wina amadula makilo awiri ati ndi a thumba, awiri enanso ati ndi a chinyezi, chipangizo choyezera chinyezicho alibe, wangoluma njere imodzi ndi mano. Wina amaviika meda ya pulasitiki m'madzi otentha n'kuiponda kuti ikule mimba, kenako amadzaza mpaka mbewu zisefukire, zogwera pasaka n'kukhala zake. Ena safuna n'komwe kutulutsa ndalama: amabwera ndi salaula, mbale ndi mapoto, mayi n'kupereka ndowa ya nshawa posinthana ndi chitenje cha mtengo wa meda imodzi. Anzako pantchito adzakuphunzitsa zonsezi sabata yoyamba, ndipo adzakuuza kuti bizinesi imatero.

Tsegula Buku Lopatulika uwerenge Deuteronomo 25 kuyambira vesi 13. Mose akuletsa munthu kukhala ndi miyeso iwiri, waukulu wogulira ndi waung'ono wogulitsira. Pita pa Amosi 8, ukapeza amalonda amene Sabata ankalisunga ndithu, koma mtima unali kuwerenga maola kuti litha liti akayambenso kuchepetsa muyeso ndi kugulitsa mungu wa tirigu. Chimene chimandiopsa ine pa ndime imeneyo n'chakuti anthuwo sanali akunja, anali opemphera ngati iwe ndi ine. Ndiponso okhometsa msonkho atapita kwa Yohane Mbatizi, pa Luka 3, iye sadawauze kuti asiye ntchito. Adawauza kuti asalandire zopitirira zimene adalamulidwa. Nanenso sindikukuuza kuti usiye. Gula motsika, ukagulitse mokwera, abwana ako apeze phindu, iwe ulandire malipiro ako. Koma mtengo uunene pakamwa anthu aumve, osaubisa m'sikelo.

Chita izi. Uwauze abwana kuti akupatse sikelo yoyesedwa ndi a Zambia Metrology Agency, yokhala ndi chizindikiro chawo. M'mawa uliwonse, anthu atasonkhana, ikapo paketi ya shuga ya makilo awiri yosatsegula, aliyense aone pamene muvi waima. Sikelo iyang'ane kwa mwini mbewu. Agogo amene sadziwa kuwerenga uwaitanire mwana wa sukulu awawerengere, ndipo ndalama uwawerengere m'manja pang'onopang'ono. Anyamata aganyu osoka ndi kunyamula matumba uwalipire dzuwa lisanalowe. Levitiko 19 ndi Yakobo 5 salola kuti malipiro a wantchito agone kwa iwe.

Usaganize kuti ife alimi ndife angelo. Alipo amene adzathira mchenga pansi pa thumba la soya, ena adzawaza madzi nshawa usiku kuti zilemere. Khuthula thumba pasaka, uone, ukane poyera koma mosanyoza. Kuba kwa mlimi mmodzi sikukupatsa chilolezo chobera anthu khumi obwera pambuyo pake.

Tsono za kumudzi. Usadzakhome sikelo pamtengo usanakaonekere kwa anyakwawa. Wakulira m'tauni, mwina waiwala kuti bwalo lili ndi mwini. Kukagwa maliro m'mudzi umene ukugulamo, tsitsa sikelo, ukakhale pasiwa, ukathandize adzukulu kumanda. Abwana akaimba foni uwauze kuti kuno sitigulitsana mtembo uli m'nyumba. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo iwe kuno si mlendo wongodutsa: manda a agogo ako ali konkuno.

Pa maliro ena padzatuluka gule. Mpingo wathu wa Reformed Church in Zambia, kuchokera pamene amishoni adafika ku Magwero mu 1899 ndi kuno ku Nsadzu mu 1908, sudagwirizanepo ndi za kudambwe, ndipo ine sindikukutuma kumeneko. Koma pali Akhristu ena achinyamata amene amaganiza kuti kutukwana gule ndiko kulalikira. Anthu akudambwe ndi abale ako, ena ndi amene adakumba manda a agogo ako aja. Gule Wamkulu adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo mwezi wa Ogasiti uliwonse amavinidwa pa Kulamba ku Mkaika pamaso pa Kalonga Gawa Undi, Akhristu ambirimbiri ali pomwepo. Ukakumana ndi chilombo panjira patuka mwaulemu. Ndipo wakudambwe akabwera ndi thumba lake, kilo yake ikhale yofanana ndi ya mkulu wa mpingo. Amishoni aja anthu adawamvera chifukwa cha zimene ankaona: ku Nsadzu ankasamala akhate amene abale awo ankawathawa, ku Magwero ankaphunzitsa akhungu kuwerenga. Akudambwe nawonso akuyang'ana manja ako, nyimbo zako za kwaya sazimva.

Wina adzakunong'oneza za mankhwala a bizinesi, kachithumwa kokwirira pansi pa sikelo kapena kosunga m'chikwama kuti ndalama zisabedwe ndi chitaka. Kana. Ndalama za abwana uzisunge mu foni kapena ku banki ku boma, uzitapa zokwana tsikulo, madzulo uzilemba zonse m'kabuku. Ambiri amene amalira kuti awaloza ndi amene sankalemba.

Pali china chimene amayi ako sangakuuze, ndiye ndinene ndine. Nyengo ya msika mnyamata wa sikelo amaoneka mfumu. Atsikana a sukulu adzazungulira pamalo pako, ena otumidwa ndi njala ya kwawo. Boma la Chadiza lino lataya ana ambiri aakazi ku mimba ndi maukwati aubwana, ndipo mafumu athu akhala akudzudzula zimenezi. Ukafuna banja, bwera undiuze, tikafunsire mwadongosolo kwa munthu wamkulu mnzako. Mowa sindinenapo zambiri. Munthu wosunga ndalama za eni samwa.

Chovuta kwambiri ndi ichi: mwina abwana eniakewo ndi amene adzakulamula kuti uzidula makilo, n'kukuuza kuti malipiro ako ali m'zotsalazo. Uwayankhe mwaulemu kuti iwe ugula pa mtengo uliwonse umene anene, koma sikelo suikhudza. Akhoza kukuchotsa ntchito, sindikunamiza. Zikatero usachite manyazi kubwera kuno. Munda wa amayi ako wa kudambo ukungomera udzu, ng'ombe zanga ziwiri zilipo, ndipo dimba limadyetsa munthu chaka chonse. Chakhumi chochokera m'makilo a amasiye usadzabwere nacho kutchalitchi kwathu, chifukwa amayi a Chigwirizano amene adzakhale akuimba poponya chopereka ndi omwewo udzakhale utawayezera soya Lachisanu.

Undidziwitse tsiku lonyamuka ku Chipata kuti ndiwauziretu anyakwawa. Udzafikire kwanga, chipinda chilipo. Ubwere ndi mabatire a wailesi ndi mankhwala opaka mawondo. Upereke moni kwa abusa ako.

Ndine mtsibweni wako.