Mphete ya tingalande

Gasiketi imene ndimapanga si ya labala kapena ya pepala ngati zija amadula amakaniko a galimoto. Ndi mphete yachitsulo chosachita dzimbiri, kawirikawiri cha mtundu wa 316L, yokhuthala mamilimita 3 kapena 4. Mbali zonse ziwiri timasemapo tingalande tozungulira, kena mkati mwa kanzake, kenako n'kuyalapo graphite wopyapyala, theka la milimita basi. Pa ntchito timaitcha kammprofile. Idayambira ku Germany, ndipo miyeso yake imapezeka mu EN 1514-6 ya ku Ulaya ndi mu ASME B16.20 ya ku America. Kusema zitsulo ndidaphunzirira ku Blantyre, koma mphetezi ndimazipangira mu wekishopu ina ku East Rand, kufupi ndi Johannesburg, ndipo zambiri zimakathera m'mafakitale a mafuta ndi mankhwala.

Mphete imakhala pakati pa mafulanje awiri, milomo ya zitsulo yolumikizidwa ndi mabauti. Mabauti akamangidwa, nsonga za timizere ta pakati pa tingalande zimakankhira graphite pankhope ya fulanje, ndipo graphite wina amatitimira m'tingalande n'kutsekeredwa momwemo. Sangathawire kunja, sangathawire mkati. Nthunzi yofuna kutuluka imapeza mzere woyamba. Ikaudutsa imakumana ndi wachiwiri, wachitatu, mpaka mphamvu kuithera, monga amachitira madzi a mvula m'munda wa pamtsetse umene mizere yake idapingasa bwino. Chitsulo chimasenza katundu wa mabauti, graphite ndiye amatseka timipata. Chilichonse pachokha sichingathe.

Kumene mphete imeneyi imaonetsera ukatswiri wake ndi pa heat exchanger. Chimenechi ndi chimgolo chachitali chokhala ndi timapaipi tambirimbiri mkati. Madzi otentha amayenda mbali ina, ozizira mbali ina, osasakanikirana, kungopatsirana kutentha. Vuto lake ndi loti chimbale chogwira timapaipi ndi fulanje yoyang'anizana nacho sizitentha mofanana. China chimafutukuka msanga, china mochedwa, ndiye nkhope ziwirizo zimakhulana pang'onopang'ono nthawi iliyonse akayatsa kapena kuzimitsa makina. Magasiketi akale okutidwa ndi lata, aja a double jacketed, sapirira kukhulana kumeneku: chitsulo chimakanda chitsulo chinzake, ndipo kudontha kumayamba. Graphite ndi woterera, amalola nkhope kusuntha iye ali chigwirire. Spiral wound, imene kampani ya Flexitallic idatulukira mu 1912, ndi gasiketi yabwino ndipo ndimailemekeza pa mapaipi. Koma ikakula kufika mita imodzi ndi theka kapena kuposa, kuinyamula kokha ndi nkhondo, chifukwa lamba wake wokulungidwa amatha kumasuka usanafike nayo pamalo. Yathuyi ndi chitsulo chimodzi, umaigwira mtima uli m'malo.

Zazing'ono timazidula pa chitsulo chafulati. Zazikulu timapinda chitsulo chachitali kukhala mphete, kuwotcherera pokumana nsonga, kusalaza, kenako kusema. Pamalo powotcherera mpamene ndimachedwapo kwambiri. Chitsulo cha pamenepo chimatha kulimba mosiyana ndi chinzake, ndipo mzere ukatuluka wotumphuka ngakhale pang'ono, umanyamula fulanje n'kusiya mpata m'mbali mwake. Ndimayeza ndi micrometer, komanso ndimayendetsa chikhadabo mozungulira mphete yonse. Chala chimamva zimene diso laphonya. Ma exchanger ambiri amafunanso timipiringidzo todutsa pakati pa mphete, totseka zipinda zimene madzi amakhotamo. Kampiringidzo kakakhuthala kuposa mphete, mphete sikhala pansi. Kakachepa, madzi otentha amalumphira m'chipinda china mwakachetechete. Kunja sikuoneka dontho, koma makina amasiya kutenthetsa bwino, ndipo eni ake amatha miyezi akusakasaka chifukwa.

Chovala cha pamwamba chimasankhidwa poona ntchito. Graphite amayamba kupsa akakumana ndi mpweya kutentha kukapitirira madigiri pafupifupi 450, ndiye pamoto woposa pamenepo timaika mica. Pa asidi wolusa timaika PTFE, koma iyeyo malire ake ndi madigiri 260.

Chimene chimandiwawa mtima n'kuona mphete yosemedwa bwino ikuwonongeka m'manja mwa omanga. Nthawi ya shutdown, fakitale ikaima kuti ikonzedwe, aliyense amathamanga. Wina amapaka girizi kuti gasiketi imatirire pafulanje yoimirira, wina amakulunga tepi, wina amapala nkhope ya fulanje ndi tchizulo n'kusiya chilonda chodutsa kuchokera mkati kufika kunja. Chilonda chotere ndi msewu wa nthunzi. Anyamata amene ndimawaphunzitsa ndimawauza kuti, “Mphwanga, girizi malo ake ndi pabauti ndi panati, osati pankhope.” Kumanga kwake n'kopingasa: bauti iyi, kenako ya kutsidya kwake, poyamba 30 peresenti ya mphamvu yofunika, kachiwiri 60 kapena 70, kachitatu yonse, kenako kuzungulira bauti ndi bauti ndi torque wrench mpaka palibe nati yosuntha. Ndi zimene buku la ASME PCC-1 limalangiza. Zonsezi n'zofunika chifukwa pafulanjepo pamadutsa anthu, ndipo nthunzi ya mphamvu yotuluka pakampata kakang'ono sioneka ndi maso pafupi ndi potulukirapo.

Mphete zina zimabwerera kwa ife zitagwira ntchito, ndipo zimenezi zimandisangalatsa, makamaka za zitsulo zodula monga titanium kapena Inconel. Timachotsa graphite wakale ndi burashi yofewa ya mkuwa, kuiika patebulo lafulati kuona ngati idapindika, kenako kuyang'ana mzere uliwonse pa kuwala. Ngati nsonga zili zakuthwa ndithu, timaiveka graphite watsopano ndi guluu wochepa kwambiri, n'kuibweza. Ngati mzere ngakhale umodzi waphwanyika modutsa, sindiiveka, ngakhale kasitomala adandaule za mtengo. Ndimaidula pakati ndi chopukusira kuti wina asaitole m'mulu wa zitsulo zotayidwa n'kukaiikanso pamakina.