Nyali ya Injini Ikayaka Galimoto Ili pa Walanti

Mphwanga,

Nyali yachikasu yokhala ndi chithunzi cha injini, imene pa magalimoto ena imalembedwa kuti Check Engine, imayatsidwa ndi kompyuta ya galimoto. Kompyutayo imamva za injini kudzera m'masensa: ina imayeza mpweya wolowa, ina kutentha kwa madzi, ina liwiro la kuzungulira kwa injini, ina okosijeni wotsalira mu utsi. Muyeso wina ukapyola malire ake, kompyuta imasunga khodi ya vutolo n'kuyatsa nyali. Dongosolo limeneli limatchedwa OBD-II. Ku America linakhala lamulo kuyambira pa magalimoto a 1996, ndipo ku Ulaya lofanana nalo linayamba pa magalimoto a petulo mu 2001. Cholinga chake chachikulu chinali kuchepetsa utsi woipa, n'chifukwa chake nyali imatha kuyaka galimoto ikuyenda bwinobwino, woyendetsa osamva chachilendo chilichonse.

Munthu akatembenuza kiyi asanalize injini, nyaliyi imayenera kuyaka pamodzi ndi zinzake, kenako n'kuzima injini ikalira. Uku n'kudziyesa chabe. Koma ikapanda kuyaka konse pa nthawi imeneyo, pamakhala pofunika kukayikira, makamaka pa galimoto yogula kwa munthu, chifukwa ogulitsa ena osakhulupirika amachotsa babu kapena kuimata kuti wogula asaone vuto.

Choyamba kuyang'ana ndi mayakidwe ake. Nyali yoyaka phee, galimoto ikukoka monga mwa masiku onse, popanda fungo, utsi kapena phokoso lachilendo, imalola munthu kufika kunyumba kapena kugalaja mosathamanga, ngakhale si yoti nkhani yake igone milungu. Nyali yothwanimathwanima ndi nkhani ina. Imatanthauza kuti silinda ina sikuwotcha mafuta, ndipo petulo wosapsayo akupita kukapsera mu catalytic converter, chipangizo cha mu ekzosi chosefa utsi. M'kati mwake muli zitsulo zodula monga platinum, palladium ndi rhodium, ndipo kutentha kukapyola muyeso chimasungunuka. Vuto la pulagi imodzi limasanduka chiwonongeko cha ndalama zambiri chifukwa cha makilomita ochepa amene munthu anakakamira. Woyendetsa wanzeru amachepetsa liwiro, amapatuka pamalo abwino n'kuzimitsa injini. Nyali zofiira, ya oilo ndi ya kutentha, zilibe zokambirana: galimoto iimitsidwe pomwepo.

Pali zinthu zochepa zimene mwini galimoto angaone yekha popanda kumasula kanthu. Chitsekerero cha thanki chikapanda kumangidwa bwino kufilingi siteshoni, mpweya wa petulo umathawa ndipo magalimoto ena amayatsa nyali. Akhoza kuonanso oilo ndi madzi injini itazizira, mitu ya batire ngati yakhwepa, paipi ya mpweya ngati yavuka kapena kung'ambika, ndi mawaya ngati makoswe aluma, zomwe zimachitika kawirikawiri galimoto ikamagona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga. Vuto likathadi, kompyuta imazimitsa yokha nyali pakatha maulendo angapo, kawirikawiri atatu otsatizana osapezanso cholakwika.

Khodi imawerengedwa ndi makina olumikiza pa soketi ya mabowo 16, yomwe imakhala kunsi kwa dashibodi pafupi ndi chiwongolero. Khodi iliyonse ili ndi chilembo chimodzi ndi manambala anayi. P imaimira injini ndi giyabokosi, B thupi la galimoto, C za mabuleki ndi miyendo, U kulumikizana kwa makompyuta a m'galimoto. Zoyamba ndi P0 zili ndi tanthauzo limodzi pa magalimoto onse, pomwe zoyamba ndi P1 kampani iliyonse ili ndi zake. P0300 ikunena kuti masilinda akuphonya mosasankha, P0302 kuti yophonya ndi silinda yachiwiri, P0171 kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta, P0420 kuti catalytic converter sikusefa mokwanira, P0455 kuti mpweya wa m'thanki ukuthawa kwambiri. Timakina totsika mtengo tolumikiza ku foni timawerenga makhodi ambiri otere, ngakhale kuti magalimoto ena opangidwira msika wa ku Japan timakanika kuyankhulana nawo.

Apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimathera. Khodi imanena pamene kompyuta yaona chachilendo, simanena chipangizo choti chigulidwe. Mutu ukamapweteka, matenda sakhala m'mutu nthawi zonse. Akhoza kukhala malungo. Injini ya petulo imafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, ndipo P0171 ikangotuluka makaniko wopupuluma amalamula sensa ya okosijeni yatsopano. Chonsecho sensayo yanena zoona. Cholakwika chingakhale paipi yong'ambika imene ikulowetsa mpweya wosayezedwa, fyuluta ya mafuta yotsekeka, pampu yofooka, kapena sensa ya mpweya imene yadzaza fumbi. Makaniko wodziwa ntchito amayesa asanasinthe, ndipo amatha kufotokoza chimene wayesa ndi chimene wapeza. Wongosintha chipangizo ichi lero, china mawa, akuphunzirira ntchito pa thumba la mwini galimoto.

Misewu yathu ili ndi zoyambitsa zake. Fumbi la m'chilimwe limatseka fyuluta ya mpweya nthawi yake isanakwane. Madzi a m'dzinja amalowa m'masoketi a mawaya galimoto ikawoloka pamadzi akuya. Koma choopsa kwambiri ndi mafuta a m'zigubu amene anthu amathamangira mafuta akasowa m'mafilingi siteshoni. Ena amakhala ndi madzi, ena zinyalala, ena osakaniza ndi palafini. Injini za dizilo zamakono, zimene zimapopa mafuta ndi mphamvu yaikulu kwambiri, sizipirira mafuta otere: mainjekita ndi pampu zimawonongeka, ndipo kompyuta imachepetsa mphamvu ya injini kuti idziteteze.

Pamodzi ndi khodi, kompyuta imasunganso chithunzi cha mmene zinthu zinalili pa nthawi imene vuto linachitika: liwiro la galimoto, kuzungulira kwa injini, kutentha kwa madzi, kulemedwa kwa injini. Umenewu ndiwo umboni. Kufufuta khodi ndi makina kumachotsa umboni wonsewo, ndipo pa magalimoto ambiri kuchotsa batire kumachitanso chimodzimodzi, pomwe vuto lenileni likadali pomwepo. Pa galimoto yakale yopanda walanti, kutero n'kungodzinamiza. Pa galimoto imene ili pa walanti, n'kudzilanda wekha mlandu, chifukwa ofufuza kukampani akalumikiza makina awo sapeza kanthu, ndipo wopanga galimoto salipira ntchito imene ilibe umboni. Kuwerenga khodi n'kuilemba papepala kulibe vuto. Kufufuta ndiko koyenera kupewa, ngakhale mnzake wa munthu atanena kuti ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Walanti ndi lonjezo la wopanga galimoto lakuti adzakonza ulere chilichonse chowonongeka chifukwa cha kulakwika kwa kapangidwe kapena kwa zipangizo. Ili ndi malire awiri, zaka ndi makilomita, ndipo amene ayambe kukwana ndiwo amaithetsa. Makampani ambiri amapereka zaka 3 kapena makilomita 100,000, ena amapitirira apo. Zenizeni zili m'kabuku ka galimotoyo, kamene eni ambiri amakasiya m'kabati ya dashibodi osakatsegula. Walanti siikhudza zinthu zotha ndi ntchito monga mapadi a mabuleki, kilachi, mafyuluta ndi mababu. Siikhudza ngozi, madzi osefukira, makoswe, kapena mafuta oipa. Ndi yosiyananso ndi service plan, imene imalipira sevisi ya nthawi ndi nthawi. Magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, amene ndiwo ochuluka m'misewu ya ku Malawi, amafika opanda walanti ya wopanga, ndipo lonjezo la wogulitsa limagwira ntchito pokhapokha litalembedwa.

Lonjezoli lili ndi mbali ya mwini galimoto. Sevisi ichitike pa nthawi yake ndi pamalo ovomerezeka, ndipo buku la sevisi lidindidwe. Kupitirira makilomita a sevisi, kulola makaniko wapansi pa mtengo kumasula injini, kudula mawaya poika wailesi kapena alamu, kuchotsa catalytic converter, zonsezi zimapatsa kampani chifukwa chokanira. Ku South Africa malangizo a Competition Commission amene anayamba pa 1 July 2021 amalola mwini galimoto kuchita sevisi kugalaja ina popanda kutaya walanti yonse, koma amenewo ndi a dziko limenelo. Kuno munthu amatsata zolembedwa m'kabuku kake.

Nyali ikayaka, mwini galimoto ajambule dashibodi ndi foni injini ikulira, makilomita akuoneka. Ngati ikuthwanima, ajambule vidiyo. Alembe tsiku, malo, liwiro, ngati injini inali yozizira kapena yotentha, ndi kumene anathira mafuta komaliza. Risiti ya mafuta aisunge, pakuti funso la mafuta ndilo limayamba kufunsidwa. Kenako aimbire kampani tsiku lomwelo, afunse ngati n'kololedwa kuyendetsa galimotoyo kapena ikokedwe, ndipo yankho alipemphe pa uthenga wolemba. Wopitiriza kuyendetsa galimoto nyali ikuthwanima amadzauzidwa kuti anakulitsa yekha vuto, ndipo pamenepo kampani imakhala ikunena zoona.

Polandira galimoto, a kukampani amalemba job card. Pepala limeneli ndilo mutu wa nkhani yonse. Dandaulo lilembedwe m'mawu a mwini galimoto, momveka: nyali inayaka pa makilomita akuti, galimoto inanjenjemera pokwera chitunda, mphamvu inachepa. Mawu awiri akuti "check engine" sakwanira. Asanasaine awerenge, afunse ngati pali ndalama ya kufufuza ndi amene adzailipire vuto likapezeka kuti si la walanti, anenenso kuti ntchito iliyonse yolipiritsa isayambike iye asanavomere. Potenga galimoto apemphe pepala losonyeza khodi imene inapezeka, zimene anayesa ndi zimene anasintha, ngakhale ntchitoyo ikhale yaulere. Ambiri amachoka ndi kiyi yokha, akusangalala kuti sanalipire, osadziwa kuti asiya umboni wawo pakauntala.

Vuto lobwera n'kupita ndilo lovuta kwambiri. Galimoto imafika kukampani nyali itazima, iwo n'kunena kuti sanapeze cholakwika. Nthawi zambiri sakunama. Vutolo silinaonekere pamaso pawo. Mwini galimoto asapse mtima, koma aonetsetse kuti ulendowo walembedwa, apemphe kuyenda ndi makaniko pamsewu wonga umene vuto limachitikira, ndipo nyali ikayakanso abwerere. Mapepala atatu onena dandaulo limodzi, onse a masiku a m'kati mwa walanti, amalimbitsa mlandu wake ngakhale chipangizocho chitadzafa walanti itatha. Wodikira kuti adzanene pa sevisi yotsatira akhoza kupeza kuti makilomita apitirira.

Kampani ikakana, kukanako kulembedwe pamodzi ndi chifukwa chake. Ikanena kuti ndi mafuta oipa, mwini galimoto ali ndi chifukwa chofunsira kuti anawayesa bwanji ndi kupempha kuti ena amusungire m'botolo. Nkhani imakwera mwadongosolo: kwa mkulu wa sevisi, kenako kwa akuluakulu a kampani imene imaimira wopanga galimotoyo m'dziko, mwa kalata yaulemu yokhala ndi nambala ya chasisi ya zilembo ndi manambala 17, masiku, makilomita ndi makope a mapepala onse. Zikakanika pamenepo, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo la Consumers Association of Malawi limathandiza ndi uphungu. Walanti ikakhala kuti yangotha kumene, n'kololedwa kupempha kuti wopanga athandizeko mwa chifundo. Amamvera kawirikawiri munthu amene buku lake la sevisi ndi lodzaza bwino. Ndi bwinonso kufunsa ngati galimoto ya mtunduwo inaitanidwapo kuti ikakonzedwe cholakwika cha kufakitale, pakuti ntchito yotero imachitika ulere ngakhale walanti itatha.

Tsono iwe mphwanga, tsegula kabuku ka walanti sabata ino, ulembe tsiku ndi makilomita amene idzathere, upeze envulopu imodzi yosungiramo marisiti a mafuta ndi mapepala a sevisi. Nyaliyo ikadzayaka, usalole munthu aliyense kuifufuta a kukampani asanaiwerenge.

Ndine malume ako.