Nkhondo yojambulidwa popanda kuikometsa



Ana athu nkhondo amaidziwira m'mafilimu, momwe ngwazi imaombera tsiku lonse, zipolopolo osatha, iyo osavulala. N'chifukwa chake kumapeto kwa makope a anyamata a m'kalasi mwanga kumadzaza mfuti ndi ndege. Ine sindiwaletsa kujambula. Chimene ndimalakalaka n'chakuti aonenso nkhondo itajambulidwa ndi anthu osanama.

Mabuku otere alipo, a nkhani za m'zithunzi, zimene pa Chipwitikizi timati banda desenhada. Amene amandigwira mtima ndi awiri, onse onena za nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918.

Loyamba ndi la Jacques Tardi wa ku France, C'était la guerre des tranchées, la mu 1993. Agogo ake aamuna anamenya nawo nkhondoyo. M'bukuli mulibe ngwazi. Muli matope, makoswe, njala, ndi asilikali wamba ogona m'maenje, ena akuphedwa ndi gulu lawo lomwe polamulidwa ndi akuluakulu.

Lachiwiri ndi The Great War la Joe Sacco, la mu 2013. Ndi chithunzi chimodzi chopindapinda, chotalika mamita oposa 7, chosonyeza nkhondo ya ku Somme pa 1 Julayi 1916. Tsiku limodzi lokhalo asilikali a Britain oposa 19,000 anafa. Chimayamba ndi mkulu wa asilikali, Douglas Haig, akuyenda mwamtendere, n'kudutsa pa akavalo, ophika ndi mizere ya anyamata, mpaka kukathera kumanda. Pachithunzi chonsecho palibe mawu. Mwana wosadziwa Chingerezi angathe kuchilondola ndi chala n'kufotokoza yekha m'Chinyanja, ndipo mafunso ake amakhala olasa: "Nanga awa abwerera bwanji kwawo?"

Nkhondo imeneyi inafikanso kwathu kuno. Pa 25 Novembala 1917 asilikali a Germany, motsogozedwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck, anaoloka Rovuma n'kugonjetsa Apwitikizi ku Negomano. Katundu wa asilikali ankasenza ndi anthu akuda ogwidwa mokakamiza, amtengatenga, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Kugwira anthu kumeneku kunali chimodzi mwa zimene zinautsa anthu a ku Barue chaka chomwecho. Ndikamaona zithunzi za Sacco, maganizo anga amathamangira kwa mtengatenga uja, bokosi la zipolopolo lili pamutu, pankhondo yosamukhudza.

Makolo, masamba ena a Tardi ngoopsa, si a mwana wa kalasi yachiwiri. Yambani mwaona nokha, musankhe. Koma mwana akajambula mfuti, musamulande pensulo. Mufunseni kuti wasenza chakudya cha msilikaliyo ndani, wam'siya kumudzi ndani, ndipo ajambulenso amenewo.

Amene munamvako kwa agogo nkhani za amtengatenga, tiuzeniko. Ana akuzisowa.